AMBUYE, EPISKOPI, MONSINYO, KADINALA: MBIRI YA MAINA A ATSOGOLERI ATHU MU MPINGO



Pa Misa iliyonse, mkati mwa pemphero la Ukaristia, wansembe amatchula maina a atsogoleri awiri amoyo: Papa ndi Episkopi wa dera limene Misayo ikuchitikira. Ife a ku Manjawira tili pamalo pamene nkhaniyi imaonekera bwino. Boma lathu la Ntcheu lili mu Dayosizi ya Dedza, pamene boma la Balaka, limene tachita nalo malire, lili mu Dayosizi ya Mangochi. Munthu akhoza kupemphera Lamulungu lino kumene akutchula Ambuye Peter Chifukwa, Lamulungu linalo n'kukwera minibasi ulendo waufupi chabe, n'kukamva akutchula Ambuye Montfort Stima. Papa ndi yemweyo, Misa ndi yomweyo, koma Episkopi ndi wina.

Maina a atsogoleri a Mpingo timawatchula tsiku ndi tsiku, koma ambiri mwa ife sitidziwa kumene adachokera. Ena amayesa kuti monsinyo ndi wamkulu kuposa episkopi. Ena amaganiza kuti kadinala amadzozedwa kachinayi. Enanso amafunsa kuti, bwanji munthu wonga ife tomwe timamutcha Ambuye, dzina limene timatchula nalo Yesu Khristu? Masiku anonso pa wailesi ndi pa Facebook pali mabishopu, atumwi ndi aneneri ochuluka, mwakuti wachinyamata amene sadziwa tanthauzo la mainawa savuta kusokonezeka. Sabata ino tiyeni titsate mbiri ya mainawa, kuchokera kwa Atumwi mpaka kufika kuno kwathu ku Ntcheu.

EPISKOPI NDI WOYANG'ANIRA

Mau akuti episkopi ndi a Chigriki, chilankhulo chimene Chipangano Chatsopano chidalembedwamo. Agriki ankati episkopos, kuphatikiza mau awiri: epi, kutanthauza pamwamba, ndi skopos, kutanthauza munthu woyang'ana kapena mlonda. Chikhristu chisanabwere, mauwa ankatchulira akapitao a boma amene ankatumidwa kukayang'anira mizinda ndi ntchito zina. Nchifukwa chake Buku Lopatulika, limene lidatuluka mu 1922, lidamasulira mauwa kuti woyang'anira. Poyamba penipeni, episkopi lidali dzina la ntchito.

M'buku la Ntchito za Atumwi, mutu 20, Paulo Woyera ali ku Mileto adaitanitsa akulu a Mpingo wa ku Efeso. Anthu omwewo amene pa ndime 17 akutchedwa akulu, pa ndime 28 akutchedwa oyang'anira, ndipo akulamulidwa kuweta nkhosa za Mulungu. M'kalata yopita kwa Tito, mutu woyamba, maina awiriwa akusinthanasinthananso. Zikuonetsa kuti m'zaka zoyambirira mkulu ndi woyang'anira adali asanasiyanitsidwe kwenikweni. Koma pofika cha m'ma 107, pamene Ignatius Woyera wa ku Antioch ankalemba makalata ake ali paulendo wokaphedwa ku Roma, dongosolo lidali litaoneka: mumzinda muli episkopi mmodzi, womuzungulira ndi ansembe ndi madikoni. Msonkhano waukulu wa ku Nicaea wa mu 325 udalamula kuti podzoza episkopi watsopano pazikhala maepiskopi osachepera atatu, kuti zioneke kuti munthu sadziika yekha pa udindowu. Mwambo umenewu ulipo mpaka lero.

Nanga bishopu? Ameneyu ndi mau omwewo, adangoyenda njira ina. Episkopos wa Chigriki adalowa m'Chilatini n'kukhala episcopus, ndipo Angerezi akale powatchula adawafupikitsa mpaka adasanduka bishop. Kuno kwathu mau akuti bishopu adabwera ndi Chingerezi, ndipo woyamba kudziwika nawo adali Charles Mackenzie wa Mpingo wa Anglican, amene adafika ku Magomero mu 1861. Mau akuti episkopi adabwera ndi amishoni a Katolika amene ankapemphera m'Chilatini. Tsono bishopu ndi episkopi ndi ana a mimba imodzi amene adakumana m'Chichewa atadzera njira zosiyana.

Mau enanso awiri amayenda ndi episkopi. Dayosizi lidali dzina la chigawo cha boma mu ufumu wa Aroma, ndipo Mpingo udalitenga kuti litanthauze dera la episkopi mmodzi. Katedrale amachokera ku cathedra, kutanthauza mpando. Tchalitchi limatchedwa katedrale chifukwa muli mpando umene episkopi amakhalapo pophunzitsa, osati chifukwa cha kukula kwa nyumbayo. Nchifukwa chake katedrale ya Dayosizi ya Dedza ili ku Bembeke, osati pa boma la Dedza.

MASITEPE ATATU OKHA

Tisanapitirire tigwiritse mfundo imodzi imene imamasula zonse. Sakramenti la Ukulu lili ndi masitepe atatu okha: dikoni, wansembe ndi episkopi. Msonkhano wachiwiri wa ku Vatican, mu 1964, udaphunzitsa momveka kuti episkopi ndiye amalandira sakramentili mokwanira, ngati mlowam'malo wa Atumwi. Kupitirira pamenepo palibenso kudzozedwa kwina. Arkiepiskopi, kadinala, nunsiyo, ngakhale Papa amene, onsewa ndi maina a maudindo kapena a ulemu. Pa nkhani ya sakramenti, Papa ndi episkopi monga alili Episkopi wa Dedza.

Dzina la wansembe nalo lili ndi mbiri yake. Mkulu uja wa m'Chipangano Chatsopano m'Chigriki ndi presbyteros. Koma amishoni a Katolika pofuna mau a Chichewa adasankha wansembe, munthu wopereka nsembe. Makolo athu ankaidziwa kale ntchitoyi, pakuti ku Msinja, ku Bunda ndi ku Khulubvi kudali anthu amene ankathira nsembe m'malo mwa mtundu wonse popempha mvula. Dzina lakale lidalandira tanthauzo latsopano: wopereka nsembe ya Misa. Ndipo wansembe wotsogolera parishi adatchedwa bambo mfumu, dzina lochokera m'mudzi mwenimweni, chifukwa iye ndiye amasunga anthu, kumva milandu yao ndi kuwayanjanitsa.

MMENE MAINAWA ADAFIKIRA KU NTCHEU

Mbiri ya maina amenewa m'Malawi idadzera m'boma lathu lino. Ansembe a chipani cha White Fathers adafika kwa Mponda mu 1889, koma adachokako mu 1891 ntchito isanazike mizu. Mishoni yoyamba yokhazikika idatsekulidwa mu Julaye 1901 ku Nzama, m'dera la mfumu ya Angoni Njobvuyalema, ndi ansembe atatu a chipani cha Montfort: Pierre Bourget, Auguste Prézeau ndi Antoine Winnen. Pa nthawiyo dziko lino lidali pansi pa Vikariyeti ya Nyasa imene idakhazikitsidwa mu 1897, ndipo woitsogolera adali Episkopi Joseph Dupont, amene anthu a ku Zambia adamutcha Moto Moto.

Apa tikukumana ndi maina awiri amene lero sitiwamvanso kuno: prefekiti ndi vikala. Kumene Mpingo ukungoyamba kumene, Roma sathamangira kukhazikitsa dayosizi. Choyamba amapatula dera n'kulitcha prefekitcha, ndipo amaikapo wansembe, osati episkopi, kuti alitsogolere m'dzina la Papa. Ameneyu ndiye prefekiti. Akhristu akachuluka, deralo amalikweza kukhala vikariyeti, ndipo womutsogolera amadzozedwa kukhala episkopi. Koma amatchedwa vikala, kutanthauza woimirira wina, chifukwa dera limene akulamulira si lakelake. Akungogwirizira m'malo mwa Papa. Popeza episkopi aliyense ayenera kukhala ndi mpando, vikala ankapatsidwa dzina la dayosizi ina yakalekale imene idatha, zambiri mwa izo za kumpoto kwa Africa ndi ku Asia.

Izi ndi zimene zidachitikira Bambo Prézeau wa ku Nzama. Mu 1903 Roma adapatula chigawo cha kummwera n'kuchitcha Prefekitcha ya Shire, ndipo iye adakhala prefekiti. Mu 1908 deralo lidakwezedwa kukhala vikariyeti, iye n'kudzozedwa episkopi. Sadakhalitse, adamwalira mu 1909, ndipo m'malo mwake mudalowa Louis Auneau, amene adatsogolera kuyambira 1910 kwa zaka pafupifupi 40. Chakumpoto kwathuku, a White Fathers adabweranso mu 1902 n'kutsekula Mua, ndipo Episkopi Mathurin Guillemé, amene adalowa m'malo mwa Dupont mu 1911, adakhazika mpando wake ku Bembeke. Tsono kwa zaka zoposa 50 agogo athu ankaona maepiskopi akubwera kudzapereka sakramenti la Ulimbitso, koma onsewo adali azungu, ndipo mwa malamulo a Mpingo panalibe ndi mmodzi yemwe amene adali Episkopi wa Blantyre, wa Lilongwe kapena wa Dedza.

AMBUYE CHITSULO NDI CHAKA CHA 1959

Mu 1952 Vikariyeti ya Shire idagawidwa pawiri, Blantyre ndi Zomba. Mu 1956 Papa Pius XII adatenga madera ena a Vikariyeti ya Likuni ndi ena a Zomba n'kupanga Vikariyeti ya Dedza, ndipo adaipereka m'manja mwa Bambo Cornelius Chitsulo. Iwowa adali wansembe woyamba wa Chimalawi, wodzozedwa mu 1937, ndipo mu 1957 adadzozedwa kukhala episkopi woyamba wa Chimalawi. Dziko lino lidali lidakali m'manja mwa atsamunda, ndiponso lili m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Pa nthawi imene mwana wa kuno sankaloledwa kukhala bwanamkubwa, ngakhale DC wa boma, mwana wa ku Mua adavala chisoti cha uepiskopi, ansembe achizungu n'kumamugwadira ndi kumutcha Ambuye. Akuluakulu amene adaona zimenezi adadziwa kuti dzinali silisankha khungu.

Kenaka pa 25 Epulo 1959 Papa John XXIII adasintha mavikariyeti a dziko lino kukhala madayosizi enieni. Blantyre idakhala arkidayosizi, ndipo Jean-Baptiste Theunissen adakhala arkiepiskopi woyamba. Kuyambira tsiku limenelo Ambuye Chitsulo adasiya kukhala vikala wogwirizira, adakhala Episkopi wa Dedza, mbusa wake weniweni wa nkhosa za kuno. Kusinthaku kukuoneka ngati kwa mau chabe, koma tanthauzo lake ndi lakuti Roma adavomereza kuti Mpingo wa kuno wakula, wasiya kukhala mlendo.

Ambuye Chitsulo adatsogolera mpaka pamene adamwalira mu 1984. Pambuyo pao padabwera Ambuye Gervazio Chisendera mpaka 2000, kenaka Ambuye Rémi Ste-Marie mpaka 2006, kenaka Ambuye Emmanuel Kanyama kuyambira 2007 mpaka imfa yao mu Febuluwale 2018. Kwa zaka zitatu mpando wa ku Bembeke udali wopanda mwini. Pa nthawi yotere wansembe amasankhidwa kuti ayendetse dayosizi mogwirizira, koma iye sakhala episkopi, sangadzoze ansembe, ndipo malamulo amamuletsa kusintha zinthu zikuluzikulu. Mu 2021 Papa Francis adasankha Ambuye Peter Chifukwa.

BWANJI TIMATI AMBUYE?

M'Chichewa mbuye ndi mwini wa chinthu kapena wolamulira munthu, ndipo mwaulemu timati ambuye. M'madera ena dzinali amatchula nalo agogo kapena malume, munthu amene amasunga mbumba. Amishoni oyamba, ambiri mwa iwo olankhula Chifalansa, ankatchula episkopi wao kuti Monseigneur, kutanthauza mbuye wanga, ndipo Angerezi ankati My Lord. Mau athu akuti Ambuye akugwirizana ndendende ndi amenewa. Ku Ulaya ulemu umenewu udakula m'zaka zimene maepiskopi ambiri adalinso mafumu a dziko, okhala ndi minda, misonkho ndi asilikali.

Vuto ndi lakuti m'mapemphero athu Ambuye ndi Yesu Khristu. Mlendo akamva mkhristu akuti Ambuye abwera Loweruka kudzalimbitsa ana, akhoza kudabwa. Ndipo abale athu a mipingo ina amatikumbutsa za Mateyo mutu 23, pamene Yesu adachenjeza ophunzira ake za kukonda maina aulemu. Chenjezo limeneli ndi loona, ndipo likukhudza aliyense wokhala ndi udindo mu Mpingo, kuyambira wapampando wa mphakati mpaka Papa. Koma tionenso kuti Paulo Woyera adadzitcha yekha bambo wa akhristu a ku Korinto, chifukwa ndiye adawabala mwa Uthenga Wabwino. Chimene Yesu akuletsa ndi mtima wolanda malo a Mulungu. Pa Yohane mutu 13 Iye mwini adavomera kuti ndi Mphunzitsi ndi Ambuye, koma adavomera atangotsiriza kusambitsa mapazi a ophunzira ake. Pamenepo ndi pamene dzinali lidalandira tanthauzo lake lachikhristu. Nchifukwa chake pa Lachinayi Loyera amene timawatcha Ambuye amavula chisoti, n'kumanga nsalu m'chiuno, n'kugwada pamaso pa akhristu ao.

Augustine Woyera, episkopi wa ku Hippo m'dziko limene lero ndi Algeria, amene adamwalira mu 430, ankauza anthu ake kuti uepiskopi umamuchititsa mantha chifukwa ndi katundu, koma chimene chimamutonthoza ndi ubatizo umene adalandira mofanana ndi iwo. Tikamati Ambuye Episkopi tizikumbukira tanthauzo lija la kumudzi, la munthu wosunga mbumba, amene ana akadwala kapena mlandu ukagwa ndiye amayamba kudzutsidwa usiku.

ARKIEPISKOPI, WOTHANDIZA NDI WOPUMA

Arki ndi mau a Chigriki otanthauza woyamba kapena wotsogola. Madayosizi oyandikana amaikidwa m'chigawo chimodzi, ndipo episkopi wa mzinda waukulu m'chigawomo amatchedwa arkiepiskopi. Chizindikiro chake ndi paliyamu, kansalu koyera ka ubweya wa nkhosa kokhala ndi timitanda takuda, kamene amavala m'khosi pa Misa. Papa amadalitsa timinsaluti ku Roma pa 29 Juni, pa chaka cha Petulo ndi Paulo Oyera. Ubweyawo umakumbutsa nkhosa imene mbusa amaisenza pa mapewa.

Mmalawi woyamba kukhala arkiepiskopi adali Ambuye James Chiona, amene adatsogolera Blantyre kuyambira 1967 mpaka 2001. Kwa zaka zoposa 50 dziko lonse lidali chigawo chimodzi pansi pa Blantyre. Mu 2011 Papa Benedict XVI adakweza Lilongwe kukhala arkidayosizi, ndipo arkiepiskopi wake woyamba adali Ambuye Ste-Marie omwe aja adachokera ku Dedza. Tsopano madayosizi asanu ndi atatu a m'Malawi ali m'zigawo ziwiri: Dedza, Mzuzu ndi Karonga ali ndi Lilongwe, pamene Zomba, Chikwawa ndi Mangochi ali ndi Blantyre. Ndiye kuti malire a Ntcheu ndi Balaka ndi malirenso a zigawo ziwiri za Mpingo. Koma tisaganize kuti arkiepiskopi ndi bwana wa maepiskopi enawo. Iye sangasamutse wansembe wa ku Nsipe kapena ku Tsangano. Ntchito yake ndi kuona kuti chikhulupiriro ndi mwambo zikusungidwa m'chigawo, ndi kudziwitsa Papa ngati zinthu zalakwika. M'dayosizi yake episkopi aliyense amayankha kwa Papa.

Pali maina ena atatu oyenera kuwasiyanitsa. Episkopi wothandiza amapatsidwa kwa dayosizi imene ntchito yachuluka, ndipo alibe ufulu wolowa pa mpando. Umu ndi mmene Ambuye Tarcisius Ziyaye adayambira uepiskopi wao ku Dedza mu 1992. Episkopi wodzalowa m'malo, amene m'Chilatini amati coadjutor, amalowa pa mpando nthawi yomweyo mwini wake akapuma kapena akamwalira. Ambuye Ste-Marie adapita ku Lilongwe motero mu 2006, ndipo mu 2007 adalowa m'malo mwa Ambuye Felix Mkhori. Episkopi wopuma ndi amene watula pansi udindo, popeza malamulo a Mpingo amapempha episkopi aliyense kulembera Papa kalata yopumira akakwanitsa zaka 75. Amatula dayosizi, koma uepiskopi sautula, chifukwa kudzozedwa sikufafanizika.

MONSINYO NDI KALATA YA MU 1992

Monsinyo ndi mau a Chitaliyana, monsignore, ndipo tanthauzo lake ndi lomwe lija la mbuye wanga. Ku France ndi ku Italy amatchula nalo ngakhale maepiskopi. Koma kuno kwathu, monga m'maiko olankhula Chingerezi, monsinyo ndi wansembe, osati episkopi. Dzinali limaperekedwa ndi Papa ngati ulemu kwa wansembe amene watumikira bwino, ndipo m'madera ambiri amatchulanso nalo wansembe amene ali wachiwiri kwa episkopi kapena amene akuyendetsa dayosizi mogwirizira. Papa Paul VI adachepetsa magulu a amonsinyo mu 1968 kuti atsale atatu, ndipo Papa Francis, amene ankadana ndi mtima wothamangira maudindo pakati pa ansembe, adalamula kuti wansembe wa dayosizi asalandire ulemuwu asanakwanitse zaka 65.

Monsinyo wodziwika kwambiri m'mbiri ya dziko lino ndi John Roche wa ku Ireland, amene ankayendetsa Dayosizi ya Mzuzu mogwirizira. Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi onse a Katolika mudawerengedwa kalata yotchedwa Living Our Faith. Idasainidwa ndi Ambuye Chiona a ku Blantyre, Mkhori a ku Chikwawa, Chimole a ku Lilongwe, Assolari a ku Mangochi, Chamgwera a ku Zomba, Chisendera a ku Dedza, pamodzi ndi Monsinyo Roche. Kalatayo idanena poyera zimene anthu ankangonong'onezana: malipiro ochepa a anthu osauka, kuchepa kwa mankhwala ndi masukulu, kutsekera anthu popanda kuwazenga mlandu, ndi mantha amene adatseka anthu pakamwa. Idasindikizidwa pafupi pompa, ku Montfort ku Balaka.

Boma la chipani chimodzi lidati kalatayo ndi youkira. Maepiskopi adaitanidwa ku polisi ku Blantyre n'kufunsidwa kwa maola ambiri, akuluakulu ena a chipani adalankhula zoopseza moyo wao, nyumba yosindikizira ya ku Balaka idatenthedwa, ndipo mu Epulo Monsinyo Roche adathamangitsidwa m'dziko. Akuluakulu adati mutu ukakula sulewa nkhonya. Atsogoleri aja sadabweze mau ao, ndipo patangotha miyezi 15, pa 14 Juni 1993, Amalawi adavota pa riferendamu n'kusankha ndale za zipani zambiri. Wofuna kudziwa tanthauzo la episkopos ayang'ane chaka chimenecho: mlonda adaona choopsa, ndipo adakuwa.

KADINALA, NUNSIYO NDI PAPA

Kadinala amachokera ku mau a Chilatini akuti cardo, kachitsulo kamene chitseko chimazungulirapo. Poyamba makadinala adali ansembe ndi madikoni a matchalitchi akuluakulu a mumzinda wa Roma, pamodzi ndi maepiskopi a madera oyandikana nawo. Mu 1059 Papa Nicholas II adaika chisankho cha Papa m'manja mwao, pofuna kuletsa mafumu ndi mabanja olemera kulowerera. Mpaka lero kadinala aliyense, ngakhale akhale wa ku Africa, amapatsidwa tchalitchi lake ku Roma, chifukwa mwa mwambo ndi atsogoleri a Mpingo wa ku Roma amene amasankha episkopi wao. Mu 1970 Papa Paul VI adalamula kuti wokwanitsa zaka 80 asavote. Pa chisankho cha mu Meyi 2025, chimene chidatipatsa Papa Leo XIV, adavota makadinala 133. Zovala zao zofiira zimatanthauza kukonzeka kukhetsa magazi chifukwa cha chikhulupiriro.

Kadinala woyamba wa mu Africa wa nthawi zathu zino adali Laurean Rugambwa wa ku Tanzania, mu 1960. Pofika pa chisankho cha 2025 chija Malawi adali asanakhalepo ndi kadinala. Koma tsidya la malire, Medardo Mazombwe, mwana wa chigawo cha kummawa kwa Zambia, amene adakhala Episkopi wa Chipata kwa zaka zoposa 25 asanapite ku Lusaka, adakwezedwa kukhala kadinala mu 2010, ndipo adamwalira mu 2013. Dziko likakhala lopanda kadinala sindiye kuti Mpingo wake ndi woperewera. Kumene kuli episkopi ndi anthu ake pozungulira guwa, Mpingo uli wathunthu.

Nunsiyo, kuchokera ku nuntius, ndi mthenga. Iye ndi kazembe wa Papa ku boma la dziko ndiponso ku Mpingo wa m'dzikomo, ndipo kawirikawiri amakhala arkiepiskopi ngakhale alibe dayosizi yoiyang'anira. Mpando wa episkopi ukakhala wopanda munthu, nunsiyo ndiye amafufuza mwachinsinsi pakati pa maepiskopi, ansembe ndi akhristu ena, n'kutumiza ku Roma maina atatu kuti Papa asankhepo.

Dzina la Papa ndilo lapafupi kuposa onse. Pappas m'Chigriki ndi mmene mwana amaitanira bambo wake, monga ana athu amati ababa. M'zaka zoyamba maepiskopi ambiri ankatchedwa choncho, ndipo mtsogoleri wa Mpingo wa Coptic ku Egypt mpaka lero amatchedwa Papa. Kumadzulo dzinali lidatsalira Episkopi wa Roma yekha, makamaka kuyambira nthawi ya Gregory VII m'zaka za m'ma 1000. Koma Gregory woyamba, amene adali Papa kuyambira 590 mpaka 604, adakonda kudzitcha mtumiki wa atumiki a Mulungu, ndipo dzinali Apapa amaligwiritsabe ntchito. Makolo athu ambiri adamuona ndi maso wolowa m'malo mwa Petulo pamene Papa John Paul II adacheza m'Malawi mu Meyi 1989.

TIZIWATCHULA BWANJI?

Abale athu a CCAP adasankha njira ina. Iwo alibe maepiskopi. Presbyteros uja adamumasulira kuti mkulu wa mpingo, ndipo wolalikira ndi kupereka masakramenti amamutcha mbusa. A Anglican ali ndi mabishopu, ndipo Mmalawi woyamba pakati pao adali Josiah Mtekateka mu 1965. M'mipingo ina yatsopano munthu amene wayambitsa mpingo amatha kutenga dzina la bishopu. Mwambo wathu ndi kulemekeza munthu aliyense ndi dzina limene anthu ake amamutchula. Koma wachinyamata wa Katolika adziwe chimene Mpingo wake umatanthauza: episkopi sadzisankha, amasankhidwa ndi Papa, amasanjikidwa manja ndi maepiskopi anzake amene nawonso adasanjikidwa manja ndi ena kubwerera mpaka kwa Atumwi, ndipo amapatsidwa anthu oti adzayankhe za iwo pamaso pa Mulungu.

Tsono polankhula nawo, dikoni timati a Dikoni, wansembe timati Bambo, wotsogolera parishi timati Bambo Mfumu, monsinyo timati a Monsinyo, episkopi ndi arkiepiskopi timati Ambuye, kadinala timati Ambuye Kadinala, ndipo Papa timati Atate Oyera. Ulemu umenewu sutiletsa kufunsa mafunso, kapena kunena zoona pamene mtsogoleri walakwa. Malamulo a Mpingo omwe amapatsa akhristu ufulu, nthawi zina ngakhale udindo, wouza abusa ao maganizo ao pa zokomera Mpingo. Kumene anthu amaopa dzina mpaka kubisa cholakwa, ofooka ndi amene amapwetekeka, ndipo Mpingo m'maiko ambiri waphunzira zimenezi ndi misozi.

Mwa inu achinyamata amene mukuwerenga, ena mudzakhala ansembe ndi masisiteri, ena apampando a miphakati, a makwaya ndi a mabungwe, ndipo mwina mmodzi adzakhala pa mpando uja wa ku Bembeke. Yambani lero kuona mmene mumanyamulira dzina laling'ono limene muli nalo. Ndipo Lamulungu likudzali, wansembe akatchula Papa Leo ndi Episkopi wathu, musalole kuti mainawo angodutsa. Apempherereni, kuti akhale alonda osagona ndi abusa odziwa nkhosa zao.

Mulungu akudalitseni nonse sabata ino.